Mowa ndi mowa basi? Za methanol, ethanol ndi hexane m'botolo limodzi

Nachisale: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndabweretsa za kusukulu pa gulu la kumudzi, koma ndikudziwa kuti muno muli anthu a m'ma labu. Ndili pa pulojekiti ya masamba a chamwamba. Ndinawaumitsa, kuwasinja, n'kuwaviika mu methanol masiku atatu. Lero ndathira hexane, mankhwala amadzi osungunula mafuta, mu separating funnel, galasi lolekanitsira zamadzi zosasakanikirana, kuti ndichotse mafuta, ndipo zagawikana pawiri bwinobwino, zina pamwamba zina pansi. Mnzanga wachita zomwezo koma iye anaviika mu ethanol, zake zangokhala madzi amodzi obiriwira, mzere osaoneka ngakhale pang'ono. Tsono wolakwa ndani? Ine ndimayesa mowa ndi mowa basi.

Malume a ku Mufakose: Mwanawe, mawu akuti mowa ndi mowa basi agoneka anthu ambiri kumanda. Usadzawabwerezenso.

Nangozo: Malume mwayamba. Mwana wafunsa za sukulu.

Aphunzitsi aBanda: Amalume sakunama, koma tiyambe ndi funso la mwanayu. Palibe walakwa, mwanangu. Mnzakoyo anagwiritsa ntchito ethanol uti, wa 96 peresenti kapena absolute, wopanda madzi uja?

Nachisale: Absolute, aphunzitsi. Botolo latsopano, analitsegula yekha.

Aphunzitsi aBanda: Basi yankho lili pomwepo. Ana anga a Fomu 4 ku Highfield kuno ku Harare ndinkawauza kuti alcohol aliyense ali ngati mbululu, mutu ndi mchira. Mutu ndi ka OH kaja, okosijeni ndi haidrojeni, ndipo kamakonda madzi chifukwa kamagwirana nawo ndi ma hydrogen bond. Mchira ndi mzere wa makaboni, umenewo ndi wachibale wa mafuta. Methanol ali ndi kaboni mmodzi yekha, kunena kwina ndi mutu wokhawokha, mchira n'kachitsa chabe. Mamolekyu ake amagwirana okhaokha mwamphamvu, hexane akabwera amasowa pogwira. Ethanol ali ndi makaboni awiri. Kaboni mmodzi wowonjezerayo ndi wokwanira kuti ethanol wouma alowerane ndi hexane pa mlingo uliwonse.

Nachisale: Kaboni mmodzi yekha angasinthe zinthu chonchi?

aPhiri a ku Labu: Angasinthe, chifukwa methanol ndi hexane zili m'malire enieni. Sikuti zimakanana kotheratu ngati madzi ndi palafini ayi. Hexane wina amalowa mu methanol, methanol winanso amakwera mu hexane, kungoti sizikwana kukhala chinthu chimodzi. Mukazitenthetsa kufika cha m'ma 34 kapena 35 digiri, mzere uja umafufutika. Zikazizira umabwerera. Achemwali, yesani mu test tube, muike m'madzi ofunda a 40, muone nokha. Koma moto pafupi ayi, hexane sachedwa kuyaka.

aPhiri a ku Labu: Mnzanuyo asataye zake. Azidonthezera madzi pang'onopang'ono uku akugwedeza. Ziyamba kuchita mbuu, kenaka zilekana. Madzi amakokera ethanol kumbali yawo, hexane n'kutsala yekha pamwamba. Inunso mukanathira timadzi mu methanol wanuyo, mwina gawo limodzi pa magawo 10, kulekana kwake kukanakhala kwaudongo kuposa apo.

Mbewe wamng'ono: Ife anatiphunzitsa mwachidule kuti chofanana chimasungunula chofanana. Ndiye lamulo n'lakuti makaboni akamachuluka, kusungunuka m'madzi kumachepa. Methanol, ethanol, propanol amasakanikirana ndi madzi. Kuyambira butanol kupita m'tsogolo palibe amene amasakanikirana. Nkhani yatha.

Aphunzitsi aBanda: Siinathe, mnyamata. Theka loyamba wakhoza. M'madzi okwana mamililita 100, butanol wa mzere woongoka amalowamo pafupifupi magalamu 7, pentanol magalamu 2, hexanol 0.6, pofika pa octanol ndi kadontho chabe, cha m'ma 0.05. Kutsika kwake n'kwa phompho. Koma pita ukatenge tert-butanol, makaboni ake ndi anayi omwewo, uthire m'madzi. Amasakanikirana pa mlingo uliwonse.

Mbewe wamng'ono: Aaa, zoona? Chifukwa chiyani?

Aphunzitsi aBanda: Mchira wake ndi wopindana ngati chibakera. Madzi savutika kuuzinga chifukwa malo amene mafuta akukhudzana ndi madzi ndi ochepa. Butanol woongoka ali ngati ndodo, amasokoneza madzi ambiri kuti apeze pogona. Tsono si kuwerenga makaboni kokha, maonekedwe akenso amawerengedwa.

aPhiri a ku Labu: Ndipo tert-butanol m'mwezi wa June kuno ku Harare mumampeza atauma gwa m'botolo, chifukwa amalimba kukazizira kutsika pa 25 kapena 26 digiri. Ophunzira atsopano amathamanga kudzanena kuti mankhwala awonongeka.

Ine lamulo la chofanana ndi chofananalo sindilikonda kwenikweni. Silonama, koma limagoneka mutu. Munthu akaliloweza amaganiza kuti zinthu zili m'makola awiri, za madzi uko za mafuta uko. Ntchito yeniyeni ya alcohol mu labu ili pakatipo. Ine ndakhala zaka zambiri ku histology, kumene timadula tinyama tochokera ku opaleshoni kuti adokotala akaone pa maikulosikopu. Kanyamako kamabwera kodzadza madzi, ndipo kuti tikadule mopyapyala kayenera kulowedwa ndi phula la paraffin losungunuka pa madigiri pafupifupi 60. Madzi ndi phula sizionana. Ndiye timakadutsitsa mu ethanol wa 70, kenaka 90 kapena 95, kenaka absolute kawiri katatu, mpaka madzi onse atachoka. Tikatero timakaika mu mankhwala ena amadzi otchedwa xylene, chifukwa xylene amalowerana ndi ethanol komanso ndi phula. Ethanol ndiye nkhoswe, amayankhula ndi banja la kuchimuna ndi la kuchikazi lomwe. Ukafulumira, absolute wako ali ndi timadzi, xylene amachita mbuu ngati mkaka wosungunula, ndipo kanyamako kadzanyenyeka pa mpeni. Chaka china tinalandira mabotolo olembedwa absolute koma xylene ankangoyera. Tinavutika sabata yathunthu tikulozana zala, kumapeto tinapeza kuti zitsekerero zake zinali zosakhwima, ethanol anali atamwa chinyontho cha mumpweya. Inali nthawi ya mvula.

Nangozo: Nkhoswe! APhiri mwandiseketsa. Chemistry akanatiphunzitsa chonchi bwenzi ena tili madokotala.

Mai a Tadala: Ine ndalowa mochedwa koma nkhani ya mbuuyi yandigwira pamtima. Mukudziwa ndimagulitsa mapafyumu odzaza m'timabotolo ku Mbare. Ndimagula mafuta onunkhira, n'kusungunula mu ethanol, zimakhala mbee ngati galasi. Sabata yatha ndinati ndiwonjezere timadzi kuti katundu achuluke, musandiweruze, zinthu zavuta. Botolo lonse linasanduka thobwa. Ndinayesa andigulitsa mafuta achinyengo moti ndinali wokonzeka kukalalata.

aPhiri a ku Labu: Mayi, musakalalate, wakuba ndi madziwo. Mafuta onunkhira amakhala mu ethanol chifukwa chogwira mchira wake. Mukathira madzi, ethanol amatanganidwa ndi madzi, mphamvu yonyamula mafuta imatsika, mafuta aja amatuluka ngati timadontho ting'onoting'ono toyandama paliponse. Timadonthoto ndi timene timabalalitsa kuwala, n'chifukwa chake mukuona zoyera. Dettol mukathira m'beseni amachita zomwezo, amachoka pa bulauni n'kukhala woyera.

Mai a Tadala: Ndiye ndiutaye?

aPhiri a ku Labu: Ayi. Onjezerani ethanol pang'onopang'ono, uyeranso. Kungoti fungo likhala lochepa mphamvu, ndipo makasitomala anu ali ndi mphuno.

Mai a Tadala: Kuchuluka kwa katundu kwandithera pompo. Chabwino. Nanga bwanji glycerine ndikathira mu sanitaiza amasungunuka, koma tsiku lina nditayesa mafuta ophikira kuti manja asamaume anangokhala pansi ngati timikanda?

Aphunzitsi aBanda: Glycerine nayenso ndi alcohol, mayi, ngakhale saledzeretsa. Ali ndi makaboni atatu ndi mitu itatu ya OH, kaboni aliyense mutu wake. N'chifukwa chake ndi wonanda ngati uchi, ndipo amalowa m'madzi ndi mu ethanol mosavuta, koma hexane samufuna n'komwe. Mafuta a mpendadzuwa ndi michira itatu italiitali, uliwonse makaboni 16 kapena 18, mutu wa OH palibe. Ethanol wozizira amangonyamulako pang'ono, otsalawo amamira chifukwa amalemera kuposa ethanol. Koma pali mafuta amodzi a kwathu amene amaswa lamuloli. Ndani anganene?

Malume a ku Mufakose: A nsatsi. Amayi anga ankadzola ku Dedza, ndipo ankati ndi mafuta amakani.

Aphunzitsi aBanda: Malume mwalasa, kaya mwangoponya. Mafuta a nsatsi amasungunuka mu ethanol wamphamvu chifukwa pafupifupi magawo 9 pa 10 a michira yake ndi ricinoleic acid, ndipo mchira umenewo uli ndi OH pakati pake. Ethanol amapeza pogwira.

Mai a Tadala: Funso lina, poti safunsa anadya phula. Ndikagula ethanol wa 96, ndithire madzi ochuluka bwanji kuti akhale 70? Ndimangoyerekeza ndi maso.

aPhiri a ku Labu: Maso asiyeni. Pa lita imodzi yezani mamililita 730 a ethanol wa 96, kenaka thirani madzi oyera mpaka afike pa mzere wa lita. Ndanena kuti mpaka pa mzere, osati muyeze madzi 270 padera, chifukwa ziwirizi zikakumana zimafota. Mamililita 50 a ethanol ndi 50 a madzi sapanga 100, amapanga pafupifupi 96, ndipo botolo limafunda m'manja. Mamolekyu amakumbatirana mothinana kuposa mmene analili aliyense payekha. Ngati ndi sanitaiza wa m'manja, ndondomeko ya WHO imanena ethanol 80 peresenti, glycerine 1.45, hydrogen peroxide 0.125. Ngati mukugwiritsa ntchito isopropanol ndi 75.

Mbewe wamng'ono: Bwanji osangosiya 96 yemweyo, si ndiye wamphamvu?

aPhiri a ku Labu: Wamphamvu pouluka. Amauma asanagwire ntchito, komanso madzi ndi amene amathandiza kuti mapuloteni a kachirombo aphwasuke. Wosungunulayo amapha bwino kuposa wouma.

Makaniko wa ku Gazaland: Mabwana, ine sukulu ya zimenezi sindinapite koma zimene mukukambazi ndimazitsanula m'mathanki tsiku ndi tsiku. Petulo wa blend uja, wosakaniza ndi ethanol. Galimoto ikakhala miyezi osayenda, makamaka dzinja, pansi pa thanki timapeza madzi onunkha mowa, pampu itachita dzimbiri. Eni ake amati a pa filling station anawathirira madzi. Ine ndimangoti kaya.

Aphunzitsi aBanda: Achimwene, thanki yanuyo ndi separating funnel ya Nachisale, kukula kokha. Petulo ndi abale ake a hexane. Ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle amalowamo bwino malinga ali wouma. Kuno kusakaniza kunakhala lamulo mu 2013, ndipo mlingo umakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo ya nzimbe, nthawi zina mpaka E20, ndiye kuti 20 peresenti. Kwathu tinayamba kalekale, fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol wothira mu petulo mu 1982. Vuto n'lakuti ethanol amamwa chinyontho. Petulo wa E10 amapirira madzi pafupifupi theka la peresenti imodzi, tinene kasupuni kakang'ono pa lita. Akapitirira apo, madzi ndi ethanol zimagwirana n'kumira pansi, pamene pampu imayamwa. Petulo wotsala pamwamba amakhala wachepa octane, muyezo wa kupirira kwa petulo kuti asaphulike msanga mu injini. Kukazizira kupirirako kumachepanso, n'chifukwa chake zimaonekera m'mawa.

Makaniko wa ku Gazaland: Ndiye kuti nthawi zina palibe wathira madzi, thanki yangopuma mpweya wonyowa?

Aphunzitsi aBanda: Makamaka ikakhala theka, chitsekerero chili chotha. Ndipo mukhoza kuyeza blend nokha. Tengani botolo loonekera lokhala ndi mizere, thirani madzi mamililita 10, onjezani petulo 100, gwedezani, siyani zidikhe. Madzi apansi aja akwera chifukwa akoka ethanol. Akafika pafupi ndi 20 ndiye kuti munali ethanol pafupifupi 10 peresenti. Si muyezo wa kukhoti, koma ukuuzani ngati muli blend kapena ayi.

Makaniko wa ku Gazaland: Mawa lomwe ndiyesa. Anyamata anga aziti ndasanduka wasayansi.

Nangozo: Chikumbutso pang'ono, amene simunapereke ya maliro a mwezi uno mundipeze kumbali. Pitirizani.

Malume a ku Mufakose: Tsono ndibwerere pa mawu anga aja. Anyamata a m'makona muno akumwa musombodhiya, mowa waukali wosaloledwa uja, ena mpaka spiriti wa pepo uja wa mu hardware. Amati ukamusefa pa buledi poizoni amatsala mu bulediyo, chifukwa mtundu umachoka. Ine ndakalamba ndikumva zimenezi. Aphunzitsi, n'zoona?

Aphunzitsi aBanda: Bodza lopha anthu. Buledi akhoza kugwirako utoto, koma methanol wosakanikirana ndi ethanol palibe sefa imene ingamuchotse. Kusefa kumagwira zinthu zoyandama, monga gaga m'madzi. Izi ndi zolowerana molekyu ndi molekyu, palibe chogwira. Kuthira madzi sikuthandiza, onse awiri amakonda madzi mofanana. Mchere sumathandizanso. Mphuno ndi lilime sizingasiyanitse. Ndipo spiriti wina amathiramo zowawa ndi mankhwala ena dala kuti asamwedwe.

aPhiri a ku Labu: Choopsa chake n'chakuti methanol sapha nthawi yomweyo. Munthu amaledzera ngati masiku onse, amagona, amadzuka. Chiwindi chimakhala chikumusandutsa formaldehyde, kenaka formic acid. Patatha maola 12 mpaka 24 mutu umayamba, kusanza, kupuma mwabefu, maso kuchita chifunga. Mamililita 10 okha a methanol weniweni akhoza kuchititsa khungu, 30 akhoza kupha. Wina akanena kuti akuona mbuu atamwa zosadziwika, musadikire kuti matsire athe, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene chimene wamwa. Kumeneko amapereka fomepizole kapena ethanol woyezedwa kuti chiwindi chitanganidwe ndi zina, nthawi zina mpaka dialysis. Koma zimenezo ndi za madokotala, wina asamve kuti aPhiri anati mankhwala ake ndi kuwonjezera botolo.

Mai a Tadala: Ine ndinatsala pang'ono kugula spiriti wa pepoyo kuti ndizipangira sanitaiza, ndi wotchipa.

aPhiri a ku Labu: Musayerekeze. Methanol amalowa ndi pakhungu pomwe, ndipo sanitaiza ana amanyambita.

Malume a ku Mufakose: Nanga otcheza kachasu kwathu, aja amapatula mutu, woyamba kudontha uja? Si methanol ameneyo?

Aphunzitsi aBanda: Pamenepo anthu amafulumira. Zoona methanol amawira pa 64.7 digiri, ethanol pa 78.4, madzi pa 100, ndipo kuno ku Harare zonse zimatsikirako chifukwa tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, madzi amawira cha pa 95. Munthu angaganize kuti methanol atuluka yense poyamba, ethanol n'kutsatira mwaulemu. Mu mphika ndi mpope wa kumudzi sizitero. Zinthu zosakanikirana zimauluka limodzi, methanol amapezeka kuyambira dontho loyamba mpaka lomaliza. Mutu uli ndi zina zoluma monga acetaldehyde. Mwayi wake n'ngwakuti gaga ndi shuga zikasasa zimabala methanol wochepa. Zipatso ngati masau zimabala wochulukirapo chifukwa cha pectin, chinthu chonanda cha m'zipatso. Maliro a anthu ambiri nthawi imodzi kawirikawiri amabwera wina akathira methanol wa kufakitale mu chakumwa kuti apindule.

Mbewe wamng'ono: Ndiye mukatcheza kambirimbiri mungafike pa ethanol wa 100?

Aphunzitsi aBanda: Ngakhale mutatcheza mpaka nkhuni zithe ku Dzalanyama, mumaima pa 95.6 peresenti polemera. Pamenepo ethanol ndi madzi zimawira pamodzi ngati chinthu chimodzi pa 78.2, nthunzi ndi zotsala mumphika zimafanana. Ndiyo azeotrope. Ndi chifukwa chake wa 96 ndi wotsika mtengo, absolute ndi wodula. Timadzi totsalato amatichotsa ndi timiyala totchedwa molecular sieves, tokhala ndi timabowo tolowa madzi koma ethanol osakwanamo.

Nachisale: Ndabwerera, ndinali mu labu. Mnzanga wadonthezera madzi monga ananenera aPhiri. Poyamba palibe chinachitika, kenaka zonse mbuu, iye nkhope gwa kuganiza kuti waononga. Tadikira mphindi ngati 10, mzere waoneka. Wanganso ndayesa mu test tube ndi methanol ndi hexane zatsopano, m'madzi a 40 mzere wasowa, nditaika pa tebulo zachita chifunga n'kulekananso. Ndabwereza katatu ngati mwana wapeza chidole.

Aphunzitsi aBanda: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulembe mu buku lako kutentha kwa chipinda tsiku lililonse, October wotentha akubwera, mzere ukhoza kusowa wokha.

Nachisale: Chotsatira ndikufuna kugwedeza ndi dichloromethane, kenaka ethyl acetate, kenaka butanol. Ndingothira pa methanol yemweyu?

aPhiri a ku Labu: Ayi achemwali, mukatero mubwerera kuno ndi madzi amodzi ngati a mnzanu. Methanol amasakanikirana kotheratu ndi dichloromethane, chloroform, ethyl acetate, acetone, ether, toluene, pafupifupi shelefu yonse kupatula hexane ndi abale ake. Muyambe mwamuulutsa pa rotavap, makina oulutsira mankhwala osungunulira, zotsalazo muzisungunule m'madzi, kenaka muzigwedeza. Ndipo musamale, dichloromethane amalemera 1.33 pamene madzi ndi 1, amakhala pansi pa madzi, pamene hexane wa 0.66, ethyl acetate ndi butanol amakhala pamwamba. Ambiri amataya gawo lofunika chifukwa chozolowera kuti za mafuta zimayandama. Mukakayika, donthezani dontho la madzi muone kumene likukathera. Butanol muyambe mwamugwedeza ndi madzi kuti akhute, chifukwa amamwa madzi pafupifupi gawo limodzi pa magawo asanu a kulemera kwake, mukapanda kutero akumwerani gawo la sampulo. Potsegula kampopi kotulutsa mpweya musaloze mnzanu kumaso.

Mbewe wamng'ono: Nanga pa HPLC, makina olekanitsira ndi kuyeza mankhwala, tikachoka pa hexane kupita pa madzi?

aPhiri a ku Labu: Tsukani ndi isopropanol pakati. Amalowerana ndi onse awiri. Mukadutsitsa methanol yekha hexane atsalira m'mapaipi ngati timadontho, baseline, mzere woyambira wa pa kompyuta, izivina tsiku lonse.

Malume a ku Mufakose: Nkhoswe ina imeneyo. Banja limeneli lili ndi ankhoswe ambiri kuposa akwati.

Nachisale: Magetsi azima, rotavap ndi mawa. Zonse ndaika m'mabotolo ndalemba maina, sindinataye kanthu.

Mai a Tadala: APhiri, botolo la mizere lija lingapezeke kuti? Langa ndi jagi ya keke.

aPhiri a ku Labu: Ndili ndi measuring cylinder ya pulasitiki kunyumba, ndinagula ndekha kalekale. Ndibweretsa Lamulungu kutchalitchi. Mubwere ndi pafyumu wa thobwa uja timuone.